Masamba Oyamba Amene Ndinkadumpha

M'bokosi langa la zovala, pansi pa nsalu zopitira kutchalitchi, mumakhala timabuku ta nthano za ana timene ndakhala nato kuyambira ndili mtsikana. Ndi tating'ono, tina tinathothoka zikuto, tina mphemvu zinatidya m'mphepete. Ankatibweretsa ndi amalume. Iwo ankakweza kachewere panjinga kupita naye kumsika wa m'malire, ndipo malonda akayenda bwino ankaima pa anthu oyala mabuku akale pansi n'kutigulira kamodzi ka Chichewa. Ku shikola tinkaphunzira Chipwitikizi chokhachokha, ndipo ine ndinalekezera kwarita kalasi, ndiye kuti kalasi yachinayi, mutu utalemera nacho. Koma Chichewa ndinali nditachidziwira kale m'buku la nyimbo, choncho timabuku ta amalume tinandipeza ndili ndi njala. Mulungu awasunge bwino kumene ali bambo amenewo.

Mpaka lero ndimawerengabe. Lamulungu masana, mbale zitatsukidwa, ndimakhala pakhonde kuothera dzuwa, chifukwa kuno ku Tsangano ngakhale masana mphepo imaluma, n'kutsegula kamodzi. Munthu akamadutsa panjira ndimakabisa pansi pa nsalu, pakuti mayi wa zidzukulu kupezeka akusekerera yekha ndi buku la ana si zooneka bwino. Amuna anga ndiye sachedwa kundiseka. Amati, "Amayi, kodi mayeso akewo adzakhalako liti? Tidzakuperekezeni." Ine ndimangowayang'ana pamwamba pa magalasi.

Kwa ana sindibisa. Mwana aliyense amene ndamuona akuwerenga zolembedwa pa thumba la feteleza kapena pa botolo la mafuta, ndimamuitana n'kumubwereka kamodzi. Timabwerako tili ndi zala za nyemba, nthawi zina tikununkha utsi, koma sindidandaula. Ndimamufunsa pamene panamusangalatsa, tikaseka limodzi ndimamupatsa kena.

Pa tonseto pali kamodzi kamene ndinkakakonda koposa. Chikuto chake chinachoka kalekale, moti ngakhale dzina lake sindikulikumbukanso. Ife tinkangoti buku la sitima. Msana wake unathyoka pakati, ndiye ukangoliika pamwendo limatseguka lokha pamalo amodzimodzi, pamene kamtsikana kakukwera sitima kali ndi nkhuku m'dengu. Nkhukuyo imathawa n'kukabisala pansi pa mpando wa bambo wina wonenepa wovala suti, anthu onse m'sitima n'kugwada kuisakasaka. Kenako kamtsikanako kamagawana mtedza wokazinga ndi gogo wosaona, n'kumamufotokozera mapiri ndi milatho imene akudutsa. Kutsogoloko kamafika m'tauni, kamaphunzira, mpaka kamavala zoyera za unamwino. Ine sitima sindinakwerepo chibadwire. Sitima yanga ndi imeneyo. Zaka zonsezi ndinkayambira pamene bukulo latsegukira, n'kuwerenga mpaka kumapeto, mtima uli mbee. Masamba oyamba ndinawawerenga ndili kamwana, ndipo sindinabwerereko.

Chaka chathachi ine ndi amuna anga tinaimira ukwati wa mtsikana wina wa mumpingo mwathu. Ine ndinakhala madirinya wake. Anakwatiwa ndi bambo wina wa kufupi ndi Ntengo-Wambalame amene mkazi wake woyamba anamwalira n'kusiya mwana mmodzi wamkazi, wosinkhukirapo ndithu, wa kinta kalasi, kalasi yachisanu. Banja la bamboyo ndi la aja osunga ng'ombe, ndipo kwa iwowo ng'ombe zikaperekedwa mwana ndi wa kwa bambo. Choncho mwanayo sanapite kuchikazi monga timachitira ena a ife. Anatsala pakhomo, ndipo mkwatibwi wanga analowa m'nyumba n'kupeza mwana wamkulu kale, wamaso ofunsa. Achibale a malemu ali ku Furancungo, ndipo sanaleke kutumiza mawu akuti ngati mwanayo akuvutika abwere kwa agogo ake. Mudzi wonse unali tcheru kuona mmene mayi wopezayu amusungire.

Ndifotokoze pang'ono za umadirinya kwathu kuno. Ntchito yake sithera pa tsiku la ukwati. Madirinya ndi diso la banjalo, ndipo akaona cholakwika sathamangira kukalipa ayi. Amatumiza kanthu. Akatumiza tsache, mwini wake amadziwa kuti pabwalo pakuoneka zinyalala. Akatumiza nsalu yaitali, ndiye kuti kavalidwe kafika m'makutu mwa anthu. Ineyo amadirinya anga ananditumizira sefa mwezi wachiwiri wa banja langa, ndipo ndinalira tsiku lonse, koma ufa wanga sunakhalenso ndi misere. Mphatso ya amadirinya imayankhula, ndipo mkazi aliyense kuno amadziwa kuimvetsera. Ine ndinkazidziwa bwino zimenezi. N'chifukwa chake manyazi anga ali aakulu.

Tsiku lina titatuluka m'mapemphero a amayi, mkwatibwi uja, mwana wanga wa ukwati, anandikokera pambali. Anati, "Amadirinya, mwana uja sindikumudziwa polowera. Sachita mwano, ntchito amagwira, koma sayankhula. Ngakhale kundiitana sandiitana, amangoima pafupi mpaka ndimuone. Chimene amakonda n'kuwerenga basi. Ngakhale pepala lokulungira usipa amaliwongola n'kuliwerenga."

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinati, "Ngati ndi choncho, mankhwala ake ndili nawo ine."

Lamulungu lotsatira ndinatenga buku la sitima, ndinalikulunga m'kansalu koyera, ndipo titatuluka m'tchalitchi ndinamupatsa amayi ena akuona. Mawu amene ndinanena ndimawakumbuka, ndipo ndikawakumbuka nkhope imandiotcha. Ndinati, "Ili ndi lanu nonse awiri. Mwana azikuwerengera mokweza, iwe uzimvetsera bwinobwino. Muli zambiri zokuthandiza m'menemo." Iye sadziwa kuwerenga. Analandira ndi manja awiri atagwada, akumwetulira. Ine m'mutu mwanga munali nkhuku ija pansi pa mpando, ndipo ndinkawaona kale awiriwo akuseka limodzi pakhonde.

Lamulungu linalo sanakhale pambali panga monga ankachitira. Anakhala kumbuyo. Potuluka anandipatsa moni wogwada mpaka pansi, waulemu wopitirira muyeso, wa munthu amene akufuna kuti udziwe kuti pakati panu pali mtunda. Ndinamufunsa za buku, iye anangoti, "Tamva, amadirinya." Ndinaganiza kuti mwina wakangana ndi mwamuna wake, ndipo ndinamupempherera za banja. Sizinandifike n'komwe m'maganizo kuti wolakwa ndine.

Nkhani inandipeza kuchigayo. Mayi wina woyandikana nawo nyumba, tili pamzere ndi matumba athu a chimanga, anati, "Koma inu amadirinya ndinu olimba mtima. Ena tikanangomunong'oneza. Inu mpaka buku!"

Ndinati, "Buku latani?"

"Aa, musatipusitse. Mwana uja akupita kwa agogo ake ku Furancungo shikola ikangotsekera feriya, ndipo sabweranso. Mayi wopezayo akuti ngati ngakhale amadirinya akumuona ngati mfiti, kuli bwino mwana wa eni achoke asanamunamizire zina. Bambo ake akukana, koma pakhomopo sipakudyeka."

Ndinabwera kunyumba ufa uli pamutu. Ndinapeza buku lija labwera kale, mwamuna wa mwana wanga wa ukwati uja analisiya podutsa panjinga. Kansalu kanali kochapidwa ndi kusitidwa, mfundo yake yomangidwa bwino. Ndinakhala pakhonde osasintha n'komwe zovala za kuchigayo. Bukulo linatseguka lokha pa sitima monga mwa masiku onse, koma ine ndinalibweza mpaka tsamba loyamba, ndipo ndinayamba kuwerenga.

Mayi anga ine! Kamtsikana kaja kanali kamasiye. Bambo ake anakwatira mkazi wina, ndipo mkaziyo ndi amene anadzaza masamba onse oyamba. Pamaso pa anthu ankakasisita kumutu n'kumakatchula mwana wanga, koma anthu akachoka ankakatsina m'khwapa mosaoneka zipsera. Ankakapatsa makoko a m'mphika ana ena atakhuta. Ankakagoneka m'khitchini limodzi ndi nkhuku. Kutchalitchi mkaziyo ndiye ankaimba mokweza kuposa onse. Wolembayo anafika polemba kuti mkazi amene sanabereke mwana sangamukonde, ngakhale atayesetsa bwanji. Ndipo sitima ija, sitima yanga yokoma ija, kamtsikanako kanakwera pothawa mayi ameneyo. Nkhuku ya m'dengu inali ija kankagona nayo.

Ndili mwana ndinawerenga zonsezi, koma zinangodutsa. Amayi anga anali moyo, ankandiluka tsitsi Loweruka lililonse, ndiye mayi woipa wa m'buku anali ngati chilombo cha m'nthano, chongoopsezera. Chinakhala mumtima ndi sitima. Tsopano ndinawerenga ndi makutu a mwana wanga wa ukwati uja, mtsikana amene sanaberekebe wake, amene amaimba kwaya, amene mudzi wonse ukumuyang'ana. Ndinamuona atakhala pansi akusankha nyemba, mwana wopeza akumuwerengera mawu amenewo mmodzimmodzi, iye akukumbukira kuti amadirinya anati uzimvetsera bwinobwino. Kunja kunali chisanu cha mwezi wa Juni koma thukuta linanditsika m'khosi.

Amuna anga anandipeza ndili choncho. Anayamba nthabwala yawo ija, koma ataona nkhope yanga anaisiyira panjira. Nditawafotokozera anati, "Ndiye mwakhala mukubwereka ana a eni buku limene simulidziwa?"

Ndinati, "Ndimalidziwa kuyambira pakati."

"Mbatata mumagulanso poona za pamwamba pa thumba?"

Ndinalowa kuchipinda n'kugwada, koma pemphero silinkatuluka bwino. Ndinangoti, Ambuye, mwana uja asachoke pakhomo pa bambo ake chifukwa cha kupusa kwanga. Mundipatse pakamwa.

M'mawa mwake ndinanyamuka nkhungu isanachoke m'mapiri. Sindinatenge kanthu kalikonse m'manja, ngakhale kamchere, poopa kuti chilichonse chimene ndinganyamule chiyankhulanso zake. Ndinawapeza onse awiri, mayi ndi mwana, kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola la ng'ombe, akusankha mbewu ya kachewere, yophukira uku, yoola uko. Anakhala motalikirana, aliyense ndi mulu wake. Pakhonde panali kale kamtolo ka zovala komangidwa m'nsalu. Mwana wanga wa ukwati anandiyalira mphasa, anagwada, anandipatsa moni waulemu uja. Mwanayo anafuna kuchoka koma ndinati akhale.

Ndinati, "Mwananga, ndabwera kudzapepesa. Buku lija sindinalitumize kuti likuuze kanthu. Ndinali nditaiwala zimene zili koyambirira."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Amadirinya, inu kuiwala buku? Inu amene mumawadziwa pamtima?"

"Ndimayambira pakati. Pali pamene linathyoka msana."

"Ndiye mwa mabuku onse amene muli nawo, dzanja lanu linangogwera la mayi wopeza? N'kundiuza pamaso pa amayi onse kuti ndizimvetsera bwinobwino?"

Zoona zake zinali zopusa kwambiri moti ngakhale ine ndikanakhala iyeyo sindikanakhulupirira. Ndinati, "Ndinkafuna umve za nkhuku."

"Nkhuku?"

"Nkhuku imene inathawa m'sitima n'kukalowa pansi pa mpando."

Anandiyang'ana ngati ndasokonezeka mutu. Iwo sanafikeko n'komwe ku sitima. Analekera pamene mayi uja ankagoneka mwana m'khitchini.

Kenako anayamba kuyankhula, maso ali pa mbatata imene ankaitembenuza m'manja. Anati, "Mukananditumizira tsache ndikanasesa. Mukananditumizira sopo ndikanachapa. Koma ichi ndikonze chiyani? Ndinadzifunsa kuti kodi ndinamutsinapo liti mwanayu? Kodi anadyapo makoko liti? Ndiye ndinati kapena anthu akuona zimene ine sindikuziona. Ndipo chimene chinandipweteka kwambiri si bukulo ayi. Ndi uyu." Analoza mwanayo ndi chibwano. "Akuwerenga, anafika pena n'kuima, n'kundiyang'ana, n'kutembenuza masamba awiri nthawi imodzi. Ine kuwerenga sindidziwa koma maso ndili nawo. Ndinati bwerera, werenga zonse. Pamene anadumphapo ndi paja akuti wosabereka sangakonde mwana. Ndinadziwa kuti nayenso akuganiza chomwecho, n'chifukwa chake anachita manyazi kunditchulira."

Mwanayo nthawi yonseyi anali atawerama, akuchotsa dothi pa mbatata imodzi yomweyo. Anayankhula motsitsa kwambiri moti poyamba sindinamve. Mayi wakeyo anati, "Ukuti chiyani?"

"Ndinadumpha chifukwa ndinaona kuti mulira."

Ng'ombe ina inali kukhuta nyanga pa mtengo wa khola.

"Ndiye bwanji sunanene?"

"Simunandifunse. Munangoyamba kuchapa zovala zanga zonse."

Mwana wanga wa ukwati anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, dothi n'kutsala patsaya. Kenako anafunsa funso limene ndikuganiza kuti pakhomopo panalibe amene anali atamufunsa mwanayo, ngakhale bambo ake. Anati, "Iwe, ku Furancungo ukufuna kupita kapena ayi? Nena zoona, amadirinya ali pompano."

Mwanayo anaganiza kaye. Anati, "Agogo ndikufuna kukawaona. Koma kukakhala ayi. Kumeneko madzi ndi kutali, ndipo azakhali amaluka tsitsi mokoka."

"Ine sindikoka?"

"Mumakoka, koma pang'ono."

Apo mayiyo anaseka kuseka kwenikweni, misozi ili m'maso, n'kumugenda ndi kambatata koola. Anati, "Mwana wopanda ulemu iwe. Tenga mtolo uja ubwere nawo kuno." Anaumasula pamphasa ine ndikuona. Anatulutsa bulangete, anatulutsa yunifomu ya ku shikola ndi makaderino olembamo, n'kusiyamo madiresi awiri ndi juzi. Anati zimenezo n'zokwanira feriya, ndipo adzamuperekeza yekha pa chapa, minibasi ya kwathu kuno, kuti agogo akewo amuone nkhope mkazi amene akusunga mdzukulu wawo, aleke kumva za m'maluwa.

Ine ndinakhala pamphasapo ngati mlendo amene wafika pa nthawi yolakwika. Zimene zinakonzeka anakonza okha awiriwo. Changa chinali kuwononga basi. Mwanayo anandifunsa mwamanyazi ngati nkhuku ija inapezeka, ndipo ndinayamba kumufotokozera, koma mayi wake anati, "Za buku limenelo pakhomo pano ayi, amadirinya. Mundikhululukire." Ndinati ali ndi chifukwa, ndipo ndinatseka pakamwa.

Anandiphikira tiyi ndi mbatata yowiritsa, ndinadya. Potsanzika ndinapempha kuti tipemphere, ndipo anavomera, koma ndinamupempha kuti atsogolere iyeyo chifukwa ine ndinadziona wosayenera. Anapempherera ulendo wa mwana, anapempherera mbewu, anapempherera mwamuna wake. Ine ananditchula kumapeto, mwachidule.

Kwathu kuno mlendo amene umamukonda umamuperekeza mpaka kutsidya kwa mtsinje, nkhani zili m'kamwa, nthawi zina mpaka iye n'kukubwezanso. Iye anandiperekeza mpaka pangodya ya khola basi, n'kunena kuti mbatata zikumudikira. Ndinayenda ndekha njira yonse, ndipo sindinamuimbe mlandu.

Madzulo a tsiku limenelo ndi masiku otsatira ndinatulutsa timabuku tonse m'bokosi n'kuyamba kutiwerenga kuyambira tsamba loyamba, mmodzi ndi mmodzi wa anthu a m'mudzi muno ali m'maganizo mwanga. Ndinapezamo zambiri zimene ndinkazidumpha. Kena kamaseka munthu wachibwibwi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo ndinali nditakabwereka kale ana angapo, pamene mdzukulu wa oyandikana nafe amachita chibwibwi. Kena ndi kabwino ndithu konsekonse, ka anyamata awiri amene anapanga ngolo ya mawaya n'kupita nayo kumsika, ndipo kameneko ndimakabwerekabe ndi mtima wonse. Mwana akabwera kudzapempha buku masiku ano ndimayamba ndafunsa za kwawo, amakhala ndi yani, ndani adzamve akamawerenga. Ena amadabwa kuti agogowa akufunsiranji zonsezi.

Feriya itayamba anakwera chapa onse awiri. Ine sindinapite kukawatsanzika, ndinangomva kwa amayi a kuchigayo aja kuti mwana anakhala pamwendo pa mayi wake chifukwa malo anali ochepa. Mayiyo anagonako masiku angapo n'kubwerera, ndipo masabata amene mwanayo anatsala kwa agogo ake ine sindinkagona tulo tabwino, poopa kuti achibale amukaniza. Shikola itatsala pang'ono kutsegulidwa, Lamulungu lina ndikulowa m'tchalitchi, ndinamuona ali pa benchi la kwaya pambali pa mayi wake, tsitsi lolukidwa kumene, akumugwirira buku la nyimbo ngakhale mayiyo nyimbo zonse amaziimba pamtima. Ndinagwada pamalo panga n'kuthokoza Mulungu. Mwana wanga wa ukwati anandiona, anagwedeza mutu pang'ono, koma mpaka lero pambali panga sanabwererepo kudzakhala.